Manja owala pa nsalu ya vimbuza

Chikalata chobwereketsa nsaluyo ndidakali nacho, chodindidwa bwinobwino, ngakhale tsopano chilibe ntchito. Ine sinditaya pepala, olo likhale londichititsa manyazi.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ukalaliki ndinagwirira pa boma la Rumphi mpaka kupuma, ndipo ndinakwatira NyaGondwe wa ku Mwazisi. Agogo a mkazi wangayo ankavina vimbuza, gule wochiritsa odwala mizimu uja, ndipo anasiya nsalu yofiira imene ankavala pogwira ntchitoyo. Abale anaisungitsa kwathu chifukwa ndinali ndi bokosi lachitsulo losalowa chiswe. Lamulo linali limodzi: wosakhala wa magazi awo asaikhudze. Ine mkamwini, yanga inali kusunga kiyi basi.

Kenako a kumyuziyamu anapempha kuibwereka. Amafuna kupima ngati kufiira kwake kuli kwa madzi a mlombwa kapena utoto wa m'sitolo, kuti adziwe kasamalidwe kake isanawole. Banja linakana kwa nthawi yaitali. Amene anawanyengerera mpaka kuvomera ndine, ndipo ndinkayenda monyada.

M'mawa wa tsikulo ndinkachapa malaya anga oyera ndi sopo waufa (malaya anga sindichapitsa munthu). Ndinati nditsegule bokosi lija kuti mulowe mpweya. Nsaluyo inali itakwinyika ngati yopukutira mbale. Alendo aone zimenezi m'nyumba mwanga? Ndinasuzumira kukhomo, n'kuiwongola ndi manja onyowawo. Pang'ono chabe.

Masana anafika Mayi Chirwa, katswiri wa nsalu zakale, atavala magolovesi. Azakhali a mkazi wanga, amene timawatchula kuti ankhazi, anayala nsaluyo patebulo. Mayiyo anapempha kuti titchinge mawindo ndi mabulangete, poti nyali yawo imaonetsa zobisika mumdima mokha. Chipinda chinada bii. Kunja ngakhale nkhuku zinangoti zii. Anayatsa kanyali kowala mwa buluu.

Pakati pa nsalu panatuluka manja awiri. Zala zonse zinali poyera, zotambasuka, zikuwala mbee, ngati munthu akukankha kuchokera pansi pa tebulo.

Ankhazi anayamba kubuula, mapewa akunjenjemera. "Amama! Mwakana? Yewo, tamva, yewo chomene!" Mkazi wanga anagwada. Nane tsitsi linaima (lotsalalo), ngakhale mumtima ndinali nditayamba kukayikira.

"Izi si zakale ayi," anatero Mayi Chirwa modekha. "Sopo waufa ndi amene amawala chonchi."

Ndikanangokhala chete. Koma ine munthu akamalankhula motsimikiza m'nyumba mwanga sindipirira. "Mayi, onetsetsani, mwina nyali yanuyi ndi yoonongeka," ndinatero uku ndikuloza. Dzanja langa linalowa m'kuwala kuja. Zikhadabo zinayaka. Mkono wa malaya nawo unayaka.

Ankhazi anasiya kubuula pomwepo.

"Akweni, tambasulani dzanjalo," anandiuza. (Kumeneko mkamwini amamuitana choncho.) Ndinatambasula. "Liikeni pamwamba pa linzakelo. Osakhudza! Munakhudza kale."

Linakwanira ndendende, mpaka kachala kanga kopindika kamene kanapanidwa ndi kabati ya mafayilo.

"Ndiye amayi athu kumanda kuja anakamera chala cha kalaliki?" anafunsa ankhazi. Mkazi wanga anadzuka, n'kusasa maondo osandiyang'ana.

Nsalu sinapitenso kumyuziyamu. Mayi Chirwa sanaloledwe kudula ngakhale kaulusi, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati uli mlombwa. Bokosi langa abale analisenza tsiku lomwelo kupita nalo ku Mwazisi, ndi kiyi yemwe, popanda wina kusainira. Bokosi logula ndekha!

Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti palibe wofuna kumva za dzanja lachitatu. Nyali isanazime ndinaliona kumpendero kwa nsalu, laling'ono, lamanzere, zala zopyapyala. M'nyumba mwathu mulibe mwana. Nditafunsa Mayi Chirwa anangolongedza zipangizo zawo mofulumira. Nditafunsa NyaGondwe anati, "Inu adada, ya manja awiri sinathe, mukufunanso yachitatu?"

Akuti ndikapepese ku Mwazisi, ndipo nkhaniyo ndikuiganizirabe. Koma phunziro ndalitenga: tsopano ndimachapira sopo wamtanda. Ameneyo sawala.