Mankhwala a mawondo a mayi

Lolemba
Lamulungu likubwerali kuli Misa yokumbukira malemu bambo. Mayi akuti akufuna akagwade ngati anzawo, osati kukhala pabenchi ngati mlendo. Koma mawondo akukana. Kungodzuka pampando, mpaka aitane oyera onse akumwamba.

Bambo akanakhalapo! Madzulo aliwonse ku Machinjiri kuja, mayi pamkeka miyendo tambalale, bambo akuwasisita ndi mankhwala awo obiriwira aja, uku akung'ung'udza nyimbo ya Chisena. Fungo lake ndikulimvabe mpaka lero. Basi, ndiwapanga ndekha. Zofunika: masamba, mtondo, kachasu wonyikamo, botolo.

Lachiwiri
Ulendo wa ku Machinjiri. Mafuta akusowa, minibasi yatitsitsa panjira, kwinako wapansi. Pamene panali dimba lathu pali nyumba yampanda, galu wake ngati thole. Mtengo wa mango tinkakwera uja adadula. Ndaima pamenepo ngati chitsiru, mtima kuwawa.

Vuto lina: dzina la tsambalo sindikulidziwa. Bambo ankangoti "tsamba lija". Ndatsikira kumtsinje, ndathyola chilichonse chonunkhira ubwana wanga. Jumbo yadzaza.

Lachitatu
Kusinja, kunyika, kusefa pakansalu. Kubiriwira kwake komwe kuja! Mlamu wanga, wophunzira zamankhwala ku koleji, akuti, "Alamu, anzanu amayamba ayesa pa makoswe."

Khoswe ndamugwira kuseri kwa thumba la chimanga. Nanga khoswe umamufunsa bwanji ngati bondo lasiya kuwawa? Wandiluma chala, wathawa. Ndadzola mankhwala pachalapo. Chikuwawabe.

Lachinayi
Munthu wapezeka! A Gondwe, aneba athu, adapuma ntchito m'boma, msana umawavuta chaka chonse. Abwera atavala tayi. "Ine ndine wokonzeka kuthandiza sayansi," akutero. Ndawagawira theka, ndawauza bwinobwino: kudzola, m'mawa ndi madzulo. Botololo alinunkhiza nthawi yayitali ndithu. Ine osaganiza kanthu.

Lachisanu
Mayo ine! Amwa. Onse. Minofu yamasukadi, sindinama: miyendo lendelende, awapeza m'ngalande pafupi ndi msika akuimba nyimbo zakwaya m'Chitumbuka. Ululu? Akuti sakumva chilichonse, ngakhale dzina lawo lomwe.

Mayi Gondwe ali pakhomo panga, chitenje chomanga m'chiuno: "Mukafuna kupha munthu muziyamba wakwanu!" Zingwangwa yonse yamva. Ana a m'njira ayamba kale kundiitana adokotala.

Loweruka
Otsalawo ndayesa ndekha, pabondo langa. Poyamba kuzizira bwino. Kenaka kuyabwa. Kenaka moto weniweni! Mu jumbo muja munalowa chitedze, palibe china. Koma a Gondwe m'mimba mwawo ndi mwachitsulo eti? Bondo latupa ngati papaya. Mkazi wanga wakataya botolo m'chimbudzi osandifunsa n'komwe.

Mayi anga andiona ndikutsimphina, aseka mpaka misozi. Ndawafunsa kuti kodi tsamba lija linali lanji. Akuti, "Kholowa, mwanawe, yemweyu wandiwoyu. Fungo lija linali la kachasu. Sankathandiza kanthu mankhwala aja. Ndinkangowaleka bambo ako, kuti manja awo asachoke pamiyendo panga."

Ndangopitiriza kukanda.

Lamulungu
Ndalawirira, manyazi ndaika pambali, ndawasisita mayi mawondo ndi mafuta ophikira. Nyimbo ija ndayesa, mawu ena ndidaiwala, mayi amalizitsa okha.

Kutchalitchi nthawi yogwada yakwana, onse agwada. Mayi ayesa, zakanika. Ine ndayesa, bondo lakana. Takhala pabenchi awiriwiri ngati alendo. Basi, zatero. Wansembe atangotchula dzina la bambo, mayi atenga dzanja langa, aliika pabondo pawo, ndipo sanalichotse mpaka Misa yatha.