Kupempha Chitengwa ndi Buku Loyamba

Lolemba

Nkhani yabwino! Ku ofesi ya esiteti akuti nyumba yapezeka kumalaini. Zipinda ziwiri, mpopi pakhomo. Koma ndi ya munthu wapabanja, ndipo Lolemba likubwerali akufuna aone zitenje za mkazi pachingwe. Apo ayi, kiyi apatsa a Duwa a ku fakitale.

Vuto ndi limodzi: ndine mkamwini. Zaka zisanu ndi chimodzi kwa Nchilamwela, kudzuka tambala woyamba, maola awiri wapansi kukayeza tiyi pasikelo. Kuti nditenge amake Chisomo, mpofunika kupempha chitengwa kwa atsibweni awo, a Nampinga. Loweruka.

Sindikuopa. Miyezi itatu ndili m'kalabu yophunzira kulankhula pagulu ku Boma, Buku Loyamba lili m'chikwamamu. Likuti:
1. Imirira njo.
2. Yang'ana anthu m'maso.
3. Osayamba ndi kupepesa.
4. Osanena "eee".
5. Mphindi zisanu basi.

Lachiwiri

Nthawi yopuma ndikulankhula kwa mitengo ya tiyi. Imamvetsera bwino, siyankha.

Pasikelo ndikuyeserera za m'maso zija pa othyola tiyi. Mayi wina wadengu kumsana: "Akalaliki, yang'anani sikelo, ine ndili pabanja."

Achimwene anga, amene ndi nkhoswe yanga, aimba foni ali ku Thekerani. "Dikira sabata yamawa ndibwere ndidzakulankhulire." Sabata yamawa kiyi ali m'thumba mwa a Duwa! Ndawauza asavutike, masiku ano pakamwa ndili napo.

Lachitatu

Tsiku la kalabu. Ndikuyeserera pamaso pa anzanga asanu ndi atatu, mayi Likoswe apampando agwira makadi a nthawi. Wobiriwira ndikupereka moni. Wachikasu ndikadali pa moni. Wofiira watuluka ndisanatchule n'komwe nyumba!

Wowerenga ma "eee" wapeza khumi ndi asanu ndi anayi. Bodza. Ena anali kutsokomola.

Mayi Likoswe: "Malonje akukudyerani nthawi, bambo. Dulani, mulowe pamutu."

Ndadula malonje onse. Mtima ukundiluma pang'ono, koma buku ndi buku.

Lachinayi

Mutu wachitatu: kulankhula ndi manja. Ndikuyeserera kuseri kwa nyumba, ndagwetsa beseni la ufa.

Amake Chisomo: "Mukuthamangitsa njuchi kodi?" Kenako akuti, "Za Loweruka zija, inetu ndinalankhula kale ndi..." Ndakweza dzanja. Tsamba 14 likuti wolankhula asalole kudulidwa mawu. Andiyang'ana, atola beseni lawo, alowa m'nyumba.

Chakudya sichikulowa. Kukhala pansi ndikulephera, kuimirira ndikutopa.

Lachisanu

Ndadzera kumalaini kukaona nyumba yanga. Ndapeza a Duwa akuyeza zenera ndi chingwe! Akuti akungodutsa. Munthu wodutsa amayenda ndi chingwe?

Zofunika mawa:
malaya oyera
foni yodzaza moto, ya nthawi
mpweya katatu ndisanayambe

Chinthu china chikundisowetsa mtendere. Zaka zonsezi apongozi sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira iwo amapatukira m'chinangwa, ine m'nthochi. Ndafufuza mpaka tsamba lomaliza, buku silikunenapo kanthu za apongozi.

Loweruka

Pansi pa mpeyala. A Nampinga pampando, apongozi ndi alamu anga pamphasa, kampando kanga akaika chapatali ndithu. Sindikhalapo. Ndaima njo, foni ndayatsa.

Buku likuti yamba ndi funso. "Kodi mukudziwa kuti munthu amatha nsapato zingati pachaka?"

Maso kumanzere: a Nampinga. Pakati: alamu anga. Kumanja: apongozi! Ndawayang'ana ndithu, kuwerenga mpaka katatu monga mwa lamulo la m'buku. Afunda chitenje kumutu, adzuka, ulendo kuseri kwa nkhokwe. Manja anga akupitirizabe okha, mpaka chala chaloza a Nampinga pamphuno.

Mphindi zinayi ndi theka. Palibe "eee" ngakhale mmodzi!

Palibenso woomba m'manja. Nkhuku yokha ikupalasa.

A Nampinga akukanda bondo. "Mwatha, abwana? Takumvani. Nanga ankhoswe anu ali kuti?" Apa ma "eee" onse a sabata yonse atuluka pamodzi. "Mudzabwere nawo tikakolola. Mudzatipatsekonso moni."

Tikakolola! Chimanga sichinamasule n'komwe.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, manyazi.

Amake Chisomo akusenda chinangwa, osandiyang'ana. Lero dzanja sindinakweze. Akuti analankhula ndi amayi awo Lachiwiri kumunda, amayi awo n'kulankhula ndi atsibweni, atsibweni n'kuvomera. Mphasa yatsopano yoti tipite nayo kumalaini apongozi anagula kale. "Inu yanu inali kukhala pakampando paja, kuomba m'manja, n'kuti zikomo."

Chandipweteka kwambiri ndi mphasayo.

Mayi Likoswe atumiza uthenga kufunsa ngati ndinasunga nthawi. Ndayankha kuti inde. Akuti ndakhoza, Lachitatu ndikatenge Buku Lachiwiri, la kulankhula mokopa anthu.

Nsapato ndasoka. Mawa tambala woyamba, ndikadutsa kumalaini pakhomo latsopano la a Duwa ndikawapatse moni. Wautali, wonse.