Nyumba Yopanda Popatukira

Amene analipo tsikulo ndi awa: ineyo, mng'ono wanga Nabanda wa kwa mayi aang'ono, ndi apongozi anga a Mwale, amuna a mwana wanga wachisamba. Onse akali moyo, choncho ndilibe mpata wokometsera zimene zinandionekera.

Kwa zaka makumi awiri ine ndi a Mwale tinali tisanayang'anizanepo maso. Tikakumana panjira kuno ku Santhe, mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo mawu athu ankadzera mwa mwana wanga. Ndimo tinaleredwera, ndipo ndinkanyadira kuti sindinaphonyepo.

Chaka china dzina langa linasowa pa makuponi a fetereza, fodya ali kale panazale. Mwana wanga anali kumaphunziro ku Zomba, motero ndinawalondola a Mwale ku Lilongwe, kulikulu la kampani ya fodya kumene amagwira ntchito. Nabanda ndinapita naye kuti akandilankhulire.

Nyumbayo amati ndi yotchuka. Yaima pamizati ngati chigafa, mphepo ikungodutsa pansi pake. Denga ndi lathyathyathya, khonde palibe, makoma onse ndi galasi.

"Akulu," anatero Nabanda, "anthu a muno akafuna kukanda pamsana amabisala kuti?"

Ndinangomukoka kuti tilowe. Miyendo inali itatupa ndi ulendo wa pa basi.

Titangolowa, ndinawaona apongozi akutsika masitepe ozungulira amene ali pakatikati pa nyumbayo, opanda chotchinga. Ndinatembenukira kumanja: galasi, ndipo m'galasimo a Mwale. Kumanzere: a Mwale enanso. (Ndinafika Fomu 4 ine, za galasi ndinaphunzira, koma maphunziro amathawa pamaso pa apongozi.) Iwonso, pokhala munthu wamwambo, anaphimba nkhope ndi mapepala n'kuyamba kubwerera kumene anachokera.

Ndinaona kachipinda kotsekuka pakona, ndinathawiramo n'kugwada. Chitseko chinadzitseka chokha, pansi panayamba kukwera. Chinali chikepe. Nabanda, pakamwa panga, anatsala pansi.

Chitaima n'kutsekuka, amene anali pakhomo, wefuwefu ndi masitepe, anali a Mwale. Pondipatsa njira anathamangira pansanja yachitatu. Powapatsa njira ndinakwezedwa kupita komweko. Ndinatembenuka kuti ndiwapatse msana, koma kumbuyo kwa chikepecho kunalinso galasi. Tinayang'anizana.

"Mwayenda bwanji, amayi?" anafunsa denga.

"Tayenda bwino, kaya inu apongozi," ndinayankha nsapato zawo.

Chitseko chinayamba kutsekeka. Ndinaganiza za nazale yanga, ndipo ine, wa zaka makumi awiri zaulemu, ndinakuwira pampata ngati wogulitsa tomato pamsika: "Matumba awiri a fetereza!"

Pansi ndinapeza Nabanda atakhala pampando wofewa, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Mwamaliza nokha, akulu? Nanga ine ndabwerera chiyani?"

"Ali ndi imvi," ndinatero. "Bwanji simunandiuze kuti munthuyu wakalamba?"

Fetereza anafika sabata yomweyo, fodya anachita bwino. Mpaka lero tikakumana panjira timapatukabe, ngakhale mawondo akukana, koma tsopano ndimawamva akukhosomola m'tchiremo, ndipo sindikhulupirira kuti ndi chifuwa. Pamene a Mwale ankandimangira nyumba ino ndinatumiza mawu amodzi okha kudzera mwa mwana wanga: mawindo akhale aang'ono.

Adzukulu anga, pepalali mulisunge m'sutikesi ya zikalata, pansi penipeni. A Mwale asalione ndikali moyo.