Mapazi Amene Ndinasankha

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba paliponse, ngakhale pamaliro. Bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndithane nawo.

Zinali zaka zija makampani ankangotsekedwa. Ine anandipatsa kalata ya retrenchment yondichotsa ntchito, ndinakhala pakhomo ku Matero miyezi isanu ndi itatu. Ana atatu, ufa tikugula wa timapaketi ta pamela, wongokwana mphika umodzi.

Tsiku lina mkazi wanga, amake Chisomo, anati, "Ku church kwathu kuli ba Tembo, ali na ma minibus six. Muzibwerako, kapena angakuoneni."

Tchalitchi ndinali nditachisiya kalekale, koma njala imakumbutsa njira. Ndinasankha tsiku la Mgonero, pamene abambo amasambitsana mapazi kumbali kwawo, amayi kwawonso. Nzeru yanga inali iyi: ndikagwira mapazi a ba Tembo, ntchito ndaigwira. Ndinabwereka suti kwa mlamu wanga, m'thumba ndinaikamo kachidutswa ka sopo komaliza m'nyumba.

Ndinafika molawirira. Pakhomo ndinapeza mdala wina akusesa, atavala nkhwaira za matayala, mapazi ali mbuu.

"Mwauka bwanji, atate?" anatero.

"Mudala, fumbi! Simuona suti? Niuzeni, motoka ya ba Tembo ni iti?"

"Ni yoyera. Izafika manje manje."

Inafikadi. Munatuluka amayi, kenako bambo wamimba yake, tayi yofiira, nsapato zowala, makiyi akuzungulira pachala. Ndinati mumtima, Ambuye mwayankha!

Nthawi yosambitsana itakwana, ndinalumpha mabenchi awiri, kulanda beseni kwa dikoni, n'kugwada pamaso pa bambo uja. Anthu amangothira madzi, kupukuta, basi. Ine ayi. Ndinatulutsa sopo. Ndinakwecha chidendene, ndinalowa pakati pa zala chimodzichimodzi, uku ndikuimba nyimbo mokweza kuposa kwaya.

"Ba brother, yakwana," ananong'ona.

"Awe ba boss, ikalibe. Ine ndine hard worker."

"Boss? Ine sindine boss."

Ha! Kudzichepetsa kwake! Ndinawonjezera sopo.

"Ba boss, nili na ana atatu. Nchito iliyonse."

"Imwe, munipweteka! Siyani mwendo wanga!"

Ndinausiya thovu litafika m'mawondo, thalauza lake litanyowa, abambo asanu ali pamzere kudikira beseni.

Tsopano inali nthawi yanga. Ndinakhala pabenchi, koma aliyense anali atapeza kale mnzake. Ndinatsala ndekha. Kenako ndinaona mdala wa tsache uja akubwera ndi madzi atsopano. Anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kundivula nsapato yekha.

Abale, sokosi zanga! Zala zitatu zinali panja. Kuphazi ming'alu yoti mutha kubisamo kandalama ka ngwee. Mdala sanaseke, sanayang'ane kumbali. Anapinda sokosizo bwinobwino n'kuzilowetsa mu nsapato kuti ena asazione. Anasambitsa pang'onopang'ono, napukuta ndi thaulo lake. Kunena zoona, chiyambire retrenchment panalibe munthu anandigwirapo mwaulemu chotero. Misozi inalengeza.

Mdala akudzuka, bambo wa tayi yofiira anathamanga.

"Ba boss, lekani ninyamule beseni."

"Awe Lazalo, muno mulibe boss. Uzanyamula makiyi chabe."

Ndinafunsa dikoni chapansipansi, "Mudala uja ni ndani?"

"Simuwaziba? Ni ba Tembo. Amabwera na mendo kuseni kuti asese. Uja ni driver, amaleta amayi."

Mapemphero atatha ndinafuna kuzemba cha kuchimbudzi, koma mdala anandikola ndi mawu.

"Atate, fumbi ija inachoka pa suti?"

"Ba Tembo, nikhululukireni, sininazibe..."

"Palibe mulandu. Mapazi yanu yaniuza vonse, yayenda maningi. Bwerani Monday ku yard, nchito iliko."

Ine, wopanda manyazi, ndinafunsa, "Ya mu office?"

Anamwetulira. "Awe. Naona mwamene mwasukira driver wanga. Ma minibus yanga yafuna munthu monga imwe."

Ndinatsuka ma minibus zaka zinayi, ana onse osasiya sukulu, ndipo m'mawa wambiri mwini wake ankatenga chiguduli n'kumatsuka nane matayala.

Mpaka lero, ndikafika pamalo pachilendo, moni woyamba ndimapereka kwa amene wagwira tsache.