Kabokosi ka ku Joni

Lolemba

Kukuzizira. Juni wa ku Mzimba ndi chilango basi. Ine wa ku Ngabu, munthu wokulira m'thukuta, lero ndikugona ndi masokosi awiriawiri. Ananditumiza kuno chaka chatha kudzagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi. Mayi a Chisomo anditsatira mu Epulo, mwana ali kumsana. Chisomo ali ndi miyezi isanu ndi itatu ndipo chimfine sichikumuchoka.

Dzulo mayi ake andiikira malire: "Nyumbayi ikamazizirabe chonchi pofika Lamulungu, ine ndi mwana tikukwera basi. Tidzabwera mu Okutobala." Sakukalipa ayi. Akuyankhula uku akupinda matewera, ndipo akamayankhula motero ine ndimachita mantha.

Akufuna mbaula m'chipinda. Ndakana. Ndimayenda midzi yonse kuuza anthu kuti utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha mwakachetechete, ndiye ine ndemwe ndilowetse mbaula pogona mwana wanga? Hita tili nayo. Koma ukaisiya ikuyaka imakukuta mayunitsi a magetsi mpaka mita kulira, ukaizimitsa mwana amadzuka mamina ali chuchuchu.

Mankhwala ake apezeka lero. A Jere, eni nyumba, andibweretsera kabokosi koyera kamene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Joni. Akuti themositati. Kamayeza kuzizira kwa m'chipinda, n'kuyatsa hita kokha, kukafunda n'kuizimitsa. Umakalamula pafoni ngakhale uli kutali. A Jere: "Ku Joni nyumba iliyonse ili nacho ichi. Mukangomanga, mbwenu, za mphepo muiwale."

Zofunika:
sikuludilaiva (ndilibe, koma mpeni wa anyezi ulipo)
misomali iwiri
wayifayi (ndilibe, koma foni yanga imatha kugawa)
kuleza mtima (kunatha mu Meyi)

Pepala la malangizo analemba tizilembo tonga nyerere. Ndaliponya pakama. Ndakhoma kabokosi pakhoma, chala chimodzi ndadzicheka, hita ndailumikiza. Kulemba pasiwedi, kakukana. Kulembanso, kakukana. Kachisanu kavomera, kagetsi kake kasanduka kabuluu. Ndaika madigiri 24, hita nthawi yomweyo n'kufiira. A Jere aima pakhomo kuwomba m'manja, ndipo posangalala ndawaonetsa zonse, mpaka pasiwedi.

Ndauza mayi a Chisomo kuti abweze chikwama chawo cha ulendo pamwamba pa wadiropu. Achibweza.

Lachiwiri

Ku Manyamula pa njinga yamoto. Mphepo ikucheka makutu. Maganizo anga ndi akuti ndikafika ndikweze madigiri ndili konkuno, kunyumba aone kuti mwamuna wawo amafunditsa nyumba ngakhale palibe.

Kutsegula foni: kabokosi sikakupezeka. Ndikutukwana netiweki. Ndakwera chulu kuseri kwa golosale, foni m'mwamba, amayi obwera kusikelo akundiyang'ana. Netiweki yadzaza bwinobwino. Kabokosi sikakupezekabe.

Madzulo ndapeza mayi a Chisomo atafunda bulangete pakhonde, akuwotha kadzuwa kotsala. Hita ili zii. Kagetsi kakuphethira kofiira. Akuti kanayamba kutero nditangotuluka pageti.

Ndaima pakati pa chipinda, kenako foni m'thumba yalira, kagetsi n'kubwerera kabuluu, hita n'kuyaka. Apa ndiye ndazindikira. Wayifayi ya nyumba ino ndi foni yanga. Ndaiika m'thumba la buluku n'kupita nayo ku Manyamula! Ndipo kachinthu aka kakangotaya wayifayi kamanyanyala n'kuzimitsa hita. Zili pa pepala lija, mzere wachitatu. Safunsa anadya phula.

Koma anakapanga ndani kameneka? Anaganiza kuti munthu aliyense ali ndi wayifayi yogona pakhomo ngati galu? Ndakwiya, ndipo chondikwiyitsa kwambiri n'choti palibe womukalipira.

Mayi a Chisomo: "Ndiye kuti kamagwira ntchito inuyo mukakhalapo basi?" Ndawauza kuti nkhaniyi ndi yovuta kuifotokoza.

Lachitatu

Nzeru yatsopano: foni itsale kunyumba.

Ndiye kuti chinthu cholamula pafoni uli kutali chikufuna foniyo ikhale pafupi nacho. Chabwino. Foni ya mayi a Chisomo ndi ya mabatani, singathandize. Ndagula bandulo, foni ndaisiya pa chaja, ndawauza kuti aliyense asaikhudze.

Tsiku lonse ndili ngati wamaliseche. Dzanja likungopita m'thumba lopanda kanthu. Abwana andifunafuna kuyambira m'mawa, mpaka atumiza uthenga kudzera mwa mnzanga kufunsa ngati ndasiya ntchito. Malipoti onse ali m'foni. Ndapirira zonsezi, ndikudziuza kuti bola mwana akufundidwa.

Kufika kunyumba, kagetsi kofiira.

Bandulo yatha 10 koloko isanakwane. Mayi a Chisomo akuti foni sanaikhudze, ndipo sakunama. A Jere ndiwo anabwera ndi mpando, n'kukhala pansi pa zenera lathu, n'kulowa pa wayifayi yanga ndi pasiwedi ija ndinawaonetsa ndekha Lolemba. Aimbira mwana wawo wa ku Joni foni yoonana nkhope. Anaitana akazi awo, a NyaShaba, kuti nawonso aone zidzukulu. Anaonetsa mbuzi. Anaonetsa denga latsopano. Ola lathunthu ndi theka.

Ndapita kukawafunsa. Andilandira ndi nsangala. "Ndimamuuza mwana kuti chinthu chake chikugwira ntchito chomene. Wakondwa. Akuti yewo."

Ndiye kuti bandulo yathera pa kuyamikira kabokosi, ndipo kabokosiko kazima chifukwa choyamikiridwa. Munthu wamkulu, mwini nyumba, ungamutani? Ndati zikomo. Ine! Ndati zikomo n'kubwerera.

Pasiwedi ndasintha. Chisomo akutsokomola.

Lachinayi

Magetsi azima m'bandakucha.

Zilipo: bandulo yatsopano, pasiwedi yatsopano, foni pakhomo.
Palibe: magetsi.

Abwera 12 koloko masana, dzuwa lili paliwombo. Kabokosi kaiwala nthawi, kaiwalanso 24 wanga, n'kuyatsa hita ndi mphamvu zake zonse. Mayi a Chisomo anali kochapa. Hita yafunditsa mipando mpaka 4 koloko. Dzuwa litangopendeka, pamene kuzizira kumayamba, magetsi azimanso.

Chikwama chatsika pa wadiropu. Chili pansi pa kama, zipi yotsegula. Sindikufunsa.

Lachisanu

Lero ndiye ndakonzeka. Mnzanga wa kuntchito wandibwereka foni yake yakale yosweka galasi. Imeneyo itsala pakhomo kugawa wayifayi, yanga ndiyenda nayo. Bwenzi ndaganiza zimenezi Lachiwiri.

Ulendo wa ku Euthini, fumbi lokhalokha, msana kuwawa. Pochoka magetsi anali asanabwere, choncho m'mawa wonse sindikutsegula foni, kuopa kudzipweteka mtima. Masana ndalimba mtima. Kabokosi kapezeka. M'chipinda muli madigiri 27.

Makumi awiri ndi asanu ndi awiri! Ndaonetsa anzanga onse. Ndaonetsa mayi wogulitsa mbatata. Ndawafotokozera kuti masiku ano munthu umasamala banja ndi chala chimodzi. Wina wafunsa ngati ndingamupezere kake. Pobwerera ndaima pa boma, ndadya kanyenya, ndaonerako mpira pang'ono. Kuthamangira chiyani, poti kunyumba kwafunda?

Kutsegula chitseko, fungo la makala.

Mbaula ili m'chipinda. Pansi penipeni pa kabokosi. Hita yozizira ngati mwala wa kumtsinje.

Zinayenda chonchi. M'mawa magetsi kulibe, mwana akulira, manja ali zii. A NyaShaba amva kulirako n'kubwera ndi mbaula yawo yoyaka kale. Magetsi atabwera, kabokosi kaona kuti kwatentha, kakhala phee osayatsa kanthu, n'kumanditumizira 27. Tsiku lonse ndakhala ndikunyadira makala a eni ake.

Sindikudziwa chandikwiyitsa kwambiri n'chiyani, utsi kapena manyazi. Ndanyamula mbaula ndi nsanza, ndakaiponya pabwalo, makala mbwee. Mwendo umodzi wa mbaula wapindika. Ndakalipa. Ndanena za utsi, za mapapo a mwana, za zimene ndinaonapo ndi maso anga pa ntchito imeneyi. Zonse zoona. Palibe bodza ndanena.

Mayi a Chisomo andidikira ndimalize. "Zenera ndinatsegula, chitseko chinali chotsegula. Zimene mumaphunzitsa anthu inenso ndimamva. Koma m'mawa uja mwana akunjenjemera, ndikanamufunditsa malangizo anuwo?"

A NyaShaba atola mbaula yawo osandiyang'ana. "Phepani, adada. Ine ndimaona mwana, mbwenu."

Ndadya ndekha.

Loweruka

M'nyumba muli zii. Sitikuyankhulana, kupatula za mchere ndi sopo.

Ndayamba ndi kuwongola mwendo wa mbaula ndi mwala, n'kukapepesa kwa a NyaShaba. Alandira. Andipatsanso nthochi, zimene zandiwawa kuposa akananditukwana.

Mwini foni yosweka wabwera kudzaitenga, akuti mkazi wake waifuna. Tabwerera pa Lachiwiri.

Mayi a Chisomo atsegula pakamwa koyamba: "Tiyeni kumsika tonse, tikamusankhire mwana juzi pa kaunjika. Mukamunyamuleko." Ndati ayi, lero ndi tsiku lomaliza, ndiyenera kuthana nako kameneka. Ndamva kuti pali tizipangizo ta wayifayi tokhala pakhomo. Ndizipeza basi.

Kumene ndafika:
wokonza mafoni pafupi ndi depoti (tinatha)
wa mawayilesi (sakudziwa chimene ndikunena, koma akufuna andigulitse tochi)
wina kuseri kwa msika (kalipo kamodzi, batire lake latupa)
wina wa nzeru zambiri ("Pitani ku Mzuzu")

Ku Mzuzu! Ndayenda tsiku lonse wapansi, nsapato zatuwa, mmimba mulibe kanthu. Ndakangana ndi anthu atatu amene sanandilakwire chilichonse. Kawiri konse ndadutsa pa kaunjika, osaima.

Kufika kunyumba dzuwa litalowa. Chisomo wavala kajuzi kobiriwira, kakakulu, manja opinda. Akuoneka bwino. Wandisekerera, mano ake awiri aja poyera. Mayi ake anapita okha kumsika, mwana kumsana. Anagula juzi, anagulanso tikiti.

Chikwama chili pakhomo, zipi yotseka. Nditangolowa ndi foni yanga, kagetsi kasanduka kabuluu, hita n'kuyaka. Tonse awiri tayang'ana.

Lamulungu

Ndawaperekeza ku depoti m'mamawa. Chikwama ndanyamula ine. M'njira ndayesa kunena kuti Lachiwiri ndipita ku Mzuzu, kuti kwatsala pang'ono, kuti angodikira sabata imodzi. Mawu akutuluka, koma ngakhale ine sindikuwakhulupirira.

Atakhala pampando atsegula zenera la basi. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya.

"Bambo a Chisomo, kabokosi kanu sindikukada ayi. Kamangofuna kuti muzikhala pakhomo. Inenso ndinabwera kuno kufuna zomwezo."

Ndafuna kuyankha za ntchito, za Euthini, za abwana. Ndakumbukira kanyenya ndi mpira wa Lachisanu. Ndangogwira kadzanja ka Chisomo pazenera mpaka basi yanyamuka.

Kutchalitchi sindinapite.

Magetsi lero sanaphethire n'kamodzi komwe. Foni ili patebulo, bandulo ilipo, palibe kumene ndikupita. Kabokosi kakugwira ntchito ngati ku Joni. Kukazizira pang'ono kakuyatsa, kukafunda kakuzimitsa. Madigiri 24 ndendende kuyambira m'mawa. Ndavula juzi. Ndavula masokosi, koyamba chiyambire Juni.

A Jere asuzumira pakhomo, amva kutentha kumaso. "Mwaona? Ndinakuuzani. Amama ali kuti, adzamve?" Ndati apita kwathu kukaona makolo. Ati yewo, n'kubwerera mwakachetechete. Pasiwedi sanafunse.

Pansi pa kama ndapeza kasokosi kamodzi ka Chisomo. Ndakaika pampando.

Mkwiyo wandithera, ndipo ndikuusowa, chifukwa unkandipatsa chochita. Ndawerenga miyezi pa zala: Julaye, Ogasiti, Seputembala. Mayi a Chisomo atumiza uthenga kuti adutsa pa Jenda, mwana wagona.

Hita yangozima yokha. Kabokosi kakuti m'nyumba mwafunda mokwanira.