Amayi Akaone Nyanja ya ku Lincolnshire

Lolemba
Amayi akubwerera ku Mchinji Lolemba likubwerali. Miyezi yonseyi angokhala m'nyumba kuno ku Evington, m'dziko la Angerezi, kulera mdzukulu. Nyanja ya mchere sanaionepo chibadwire, ndipo ndawalonjeza. Pulani ya Loweruka:
Lincoln, tchalitchi chakalekale chapaphiri.
Boston, nsanja yaitali yooneka uli kutali.
Grimsby, tawuni ya asodzi.
Cleethorpes, nyanja!
Ine ndiye mwana wolongosoka, eti!

Lachiwiri
Ndikuwafotokozera kuti tchalitchi cha Lincoln chinali nyumba yaitali kuposa zonse padziko. Afunsa ngati chili ndi kwaya ya amayi. Atamva za chikweza chopita kumeneko agwira mawondo: "Mulungu ndimupeza pansi pompano." Lincoln yagwa.

Lachitatu
Pakamwa panga! Ndangouza Anti Nabanda a ku Braunstone, basi akuti akubwera nawo. Iwo, ana awiri, mpando wopinda, chikulabokosi. M'galimoto tikhala ngati matumba a makala.

Lachinayi
Kuntchito andipatsa shifiti ya Loweruka m'mawa. Ndapempha, ndanyengerera, andilola kuweruka msanga. Boston yagwa. Amayi akuti nsanja za foni ziliko ku Mchinji.

Lachisanu
Galimoto yakana kulira. Bambo a mwana atsegula boneti, ayang'anamo ngati akudziwa kanthu, atseka. Tikwera sitima. Grimsby tingoiona pawindo. Amayi alibe nazo: "Anthu oveka nsomba ufa ngati zitumbuwa andiphunzitsa chiyani?" Yatsala nyanja yokha. Imeneyo sithawa.

Loweruka
Yathawa.
Tafika ku Cleethorpes, amayi atavala chitenje chatsopano pamwamba pa majuzi. Kutsogoloku mchenga, matope, mbalame, agalu. Madzi kulibe! Kutali uko kamzere kotuwa, kaya ndi madzi kaya ndi mtambo. Mkulu wina woyendetsa galu akuti kuno madzi amachoka n'kubweranso tsiku lililonse, tidikire madzulo. Madzulo ake ati, sitima yathu ikunyamuka kusanade? Ine ndimadziwa kuti nyanja imakhala pomwe unaisiya.
Ndayesa kumasulira. Amayi sakumva zimenezo: "Yaphwa ngati Chilwa. Akuchita manyazi kunena." Atigwiranitsa manja pamatope pomwepo, kupempherera Angerezi mvula. Ana a Anti akuseka m'Chingerezi. Mvula yabweradi. Tanyowa tonse.

Lamulungu
Chimfine nyumba yonse. Amayi aimbira kale kumudzi kuti chilala chafika mpaka ku Ulaya, anthu asunge chimanga. Ine ndikulongedza sutikesi yawo, misozi ili chuchuchu. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinawalonjeza!
Andipeza. Akuti ndisalire, madzi n'ngofanana kulikonse, koma iwo ayenda ndi mapazi awo pansi pa nyanja ya azungu, wina kwathu anachitapo? Kenako: "Ikadzadzaza chaka chamawa, udzanditumizire chithunzi."
Inadzaza dzulo lomwelo, ife tili m'sitima. Ndangoti chabwino amayi. Akunyamuka mawa.