Filimu ya Pansi pa Nyanja ndi Amalume ake a Thoko

Tsiku limenelo ndikanangodwala malungo, ulemu wanga bwenzi ulipobe.

Thoko, chibwenzi changa, anali atandichenjeza: "Amalume akakukana, za chinkhoswe uiwale." Amalumewo ndi dalaivala ku Embassy Row, msewu wa maofesi a akazembe kuno kunja kumene tikukhala, munthu wosaseka wamba. Iwo ndiwo anasankha kuti tidziwane pokaonera filimu ya ngwazi ina yokhala pansi pa nyanja, ku sinema ya ku Alexandria.

Pofuna kuoneka wophunzira, ndinawerenga zimene akatswiri a m'nyuzipepala analemba za filimuyo, n'kuloweza zonyoza zokhazokha ngati ndikukalemba mayeso. M'galimoto ndinayamba: "Akatswiri akuti nkhani yake ilibe mutu, ndipo ngwaziyo ndi minofu basi." (Ndinali ndisanaonepo ngakhale kachidutswa.)

"Oho," anatero amalume. "Ine aka n'kachitatu kuionera."

Thoko ananditsina, koma pakamwa pangapa pakayamba palibe buleki. "Eya, ena amakonda zosavuta kumva," ndinawonjezera. Mayo ine!

Magetsi atazima ndinapinda manja, nkhope ili ndwii. Koma anzanga, ine ndinakulira m'mavidiyo a ku Ndirande, kumene filimu sitionera chete. Nkhondo itayamba, manja aja ndinawamasula osadziwa. Mdani atazembera ngwazi ija, ndinangomva wina akukuwa: "Cheuka iwe! Ali kumbuyoko!" Wokuwayo ndinali ine, ndipo anacheuka ndi anthu onse a m'sinema.

Ndinapepesa n'kudzigwira. Posakhalitsa ngwazi inadzuka ndi mkondo wake, nanenso dzu! "M'menye ameneyo! Wazolowera!" Mbuliwuli zonse pamutu pa amalume, chakumwa pa suti yawo. Kunabwera mayi wina watochi n'kundiperekeza panja mwaulemu.

Ndinadikira pakhomo misozi ili pafupi. Ndinkaopa zenizeni kuti Thoko ndamutaya.

Amalume anatuluka akutola mbuliwuli m'kolala. "Ndiye akatswiri anu akuti bwanji?"

"Asiyeni amenewo, amalume. Kodi ngwazi ija inapambana?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Munthu uja wa m'galimoto sindikanam'patsa mwana wathu. Wamisala uyu ndiye tingakambirane naye. Koma mathero sindikuuzani, mukaonere nokha."

Chinkhoswe chinachitika. Filimuyo ndinakaioneranso ndekha, nditalumbira kuti pakamwa ndatseka. Mathero ake sindikuwadziwabe, chifukwa mayi watochi uja ananditulutsanso.